Chilolezo cha Ukwati, Setifiketi ya Ukwati ndi Zikalata za ku Khoti: Kopita ndi Zoyenera Kuchita

Pali anthu amene amayenda mtunda wautali kupita ku khoti la majisitileti kukafunsa chilolezo cha ukwati kapena setifiketi ya ukwati wawo, koma amakabwerako chimanjamanja. Chifukwa chake n'chakuti m'Malawi muno zikalata ziwirizi sizituluka ku khoti, zimatuluka kwa wolemba maukwati. Khoti limalowererapo pokhapokha pakhale nkhani yofunika chigamulo. Chidziwitsochi chikufotokoza ofesi yoyenera kupitako pa chikalata chilichonse, ndondomeko yake, ndiponso chifukwa chimene banja liyenera kukhalira ndi umboni wolembedwa pamene mwamuna ndi mkazi akadali ndi moyo.

Lamulo loyendetsera maukwati

Maukwati m'dziko muno amayendetsedwa ndi lamulo lotchedwa Marriage, Divorce and Family Relations Act, limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 2015. Lamuloli linalowa m'malo mwa malamulo angapo akale amene ankaona padera maukwati a ku boma, a ku tchalitchi ndi a anthu ochokera ku Asia. Ndondomeko yake yolembetsera ikukhudza maukwati omangidwa lamuloli litayamba kugwira ntchito, pamene gawo lofotokoza ufulu ndi udindo wa mwamuna ndi mkazi m'banja likukhudza maukwati onse, akale ndi atsopano omwe.

Lamuloli limavomereza mitundu inayi ya ukwati:

1. Ukwati wa ku boma, umene ambiri amautchula kuti ukwati wa kwa DC.
2. Ukwati wa chikhalidwe, womangidwa motsata mwambo wa eni ake, monga chinkhoswe kapena malowolo.
3. Ukwati wa chipembedzo, womangidwa ku tchalitchi, ku mzikiti kapena kumalo ena opembedzerako.
4. Ukwati wolowana, pamene awiri akhala limodzi nthawi yaitali ndipo anthu amawadziwa ngati banja.

Pamaso pa lamulo, mitundu yonseyi ili ndi mphamvu yofanana. Palibe ukwati woposa unzake. Kusiyana kwake kuli pa umboni: mitundu itatu yoyambayo imalembedwa m'kaundula ndipo imakhala ndi setifiketi, pamene wachinayiwo umadikira khoti kuti liutsimikize.

Oyenera kukwatirana

Ofuna kumanga banja akhale mwamuna ndi mkazi oganiza bwino, ndipo aliyense akhale atakwanitsa zaka 18. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa, ndipo mpata umene unalipo woti mwana wa zaka 15 mpaka 18 akwatiwe makolo akavomereza unachotsedwa. Choncho kholo, nkhoswe, mfumu kapena mtsogoleri wa chipembedzo alibe mphamvu yololeza ukwati wa mwana. Lamulo limaletsanso ukwati wa anthu a chibale chapafupi.

Ukwati wa ku boma ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi basi. Amene wamanga ukwati wotere n'kukakwatiranso kapena kukwatiwanso woyambawo usanathe, wapalamula mlandu umene chilango chake chimafika zaka zisanu m'ndende. Lamuloli silinaletse mitala m'maukwati a chikhalidwe, motero ndi bwino kuti awiriwo ndi ankhoswe awo amvetsetse kusiyana kumeneku asanasankhe mtundu wa ukwati.

Olemba maukwati

Mkulu wa olemba maukwati onse, malinga ndi lamulo la 2015, ndi Registrar General. Pansi pake pali magulu atatu amene amagwira ntchitoyi pafupi ndi anthu: bwanamkubwa wa boma, mfumu yaikulu ya dera imene ili ndi mphamvu yolemba maukwati, ndi mtsogoleri wa chipembedzo monga m'busa, wansembe kapena shehe. Izi zikutanthauza kuti mlimi wa kumudzi amene akumanga ukwati wa chikhalidwe alibe chifukwa chopitira ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Ayambire ku likulu la mfumu yake yaikulu kapena ku ofesi ya bwanamkubwa.

Ndondomeko yopezera chilolezo

Choyamba, mmodzi mwa ofuna kukwatiranawo amapereka chidziwitso cholembedwa kwa wolemba maukwati, pa fomu yokonzedwa kale. Wosadziwa kulemba asade nkhawa: amaika chizindikiro chake pamaso pa munthu wodziwa kulemba, amene amachitira umboni. Ndi bwino kunyamula chiphaso cha unzika cha aliyense, kuti zaka zitsimikizike ndiponso kuti mayina alembedwe monga alili pa chiphasocho. Amene anakhalapo pabanja atenge chigamulo cha khoti chothetsa ukwati wakalewo, kapena setifiketi ya imfa ya mnzake.

Chachiwiri, wolemba maukwati amalowetsa chidziwitsocho m'buku la zidziwitso, nachimata poonekera kwa masiku 21. Masiku amenewa sangodutsa pachabe. Ndi nthawi yoti aliyense amene akudziwa chifukwa chomveka choletsera ukwatiwo, monga kuti mmodzi ndi mwana, ndi m'bale wa mnzakeyo, kapena ali kale pa ukwati wosalola mitala, akanene. Mipingo imene imalengeza ukwati kwa masabata atatu imachita zimenezi ndi cholinga chomwecho.

Chachitatu, masikuwo akatha popanda wotsutsa, wolemba maukwati amapereka chilolezo cha ukwati. Ukwatiwo uyenera kumangidwa pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku la chidziwitso. Miyeziyo ikadutsa, chidziwitsocho chimatha mphamvu ndipo zonse zimayambidwanso. Mabanja amene amadikira ndalama za fodya, soya kapena mtedza kuti achite phwando awerenge bwino masiku asanapereke chidziwitso.

Pa zifukwa zapadera, nduna ili ndi mphamvu yopereka chilolezo chapadera chimene chimalola ukwati kumangidwa popanda kudikira masiku a chidziwitso. Chilolezochi sichisintha malamulo a zaka kapena a chibale.

Setifiketi ndi kaundula

Chilolezo si setifiketi. Chilolezo chimangotsegula njira, pamene setifiketi ndiyo umboni wakuti ukwati wamangidwadi. Pa tsiku la ukwati, mwamuna ndi mkazi amasaina setifiketi pamodzi ndi mboni ziwiri ndi womangitsa ukwatiyo. Banja limatenga yake, ndipo ukwatiwo umalembedwa m'kaundula wa maukwati. Asanachoke pamalopo, eni ake aonetsetse kuti mayina, tsiku ndi malo zalembedwa molondola, chifukwa chilembo chimodzi chosiyana ndi cha pa chiphaso cha unzika chimatha kuchedwetsa nkhani ya penshoni kapena ya ku banki.

Setifiketi ikatayika, ikapsa kapena ikadyedwa ndi chiswe, ukwati sunathe. Mwini wake apite kumene ukwatiwo unalembedwa, atchule mayina onse a awiriwo, chaka ndi malo a ukwati, napemphe kuti afufuze m'kaundula ndi kumupatsa kope yotsimikizidwa ndi chidindo. Kope yotere imalandiridwa ngati umboni m'khoti. Ndalama iliyonse yolipira ku ofesi ya boma ikhale ndi risiti yake. Amalonda ndi ena ofuna kukagwiritsa ntchito setifiketi kunja, monga popempha chilolezo chokhala ndi mkazi kapena mwamuna wawo ku South Africa kapena ku Britain, afunse msanga ku ofesi ya kazembe wa dzikolo za chitsimikizo chimene chimafunika. Ukwati womangidwa kunja motsata malamulo a dziko la mmodzi mwa okwatiranawo umavomerezedwanso kuno.

Zimene zimapezeka ku khoti

Khoti limasunga zigamulo zake, osati kaundula wa maukwati. Nkhani zimene zimafika kumeneko ndi izi.

Yoyamba ndi ya kutsutsa ukwati. Wina akatsutsa ukwati wa ku boma m'masiku a chidziwitso, wolemba maukwati amatumiza nkhaniyo ku khoti, ndipo chilolezo chimadikira chigamulo.

Yachiwiri ndi ya ukwati wolowana. Ukwati wotere umazindikiridwa pokhapokha khoti litagamula. Khoti limaona ngati awiriwo akhala limodzi zaka zosachepera zisanu, mmene amathandizirana pa ndalama, katundu amene apeza limodzi, ana amene ali nawo kapena akulera, ndiponso ngati anthu a m'dera amawadziwa ngati banja. Zonsezi zimafuna mboni, ndipo mmodzi akamwalira, wotsalayo amanyamula yekha mtolo wopereka umboniwo.

Yachitatu ndi ya kuthetsa ukwati. Mwamuna ndi mkazi kupatukana nyumba, kapena wina kubwerera kwawo, sikupereka chikalata chosonyeza kuti ukwati watha. Maukwati a chikhalidwe amathetsedwa ku khoti la majisitileti, pamene ukwati wa ku boma umapita ku Khoti Lalikulu, limene lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Pa ukwati wa ku boma, chigamulo choyamba chimakhala chongoyembekezera. Munthu amakhala womasuka kukwatiranso akalandira chigamulo chomaliza. Khoti limaonanso za kasamalidwe ka ana ndi kagawidwe ka katundu.

Wofuna kope ya chigamulo apite ku ofesi yosunga mafayilo ya khoti lomwe linazenga mlanduwo, osati khoti lina lililonse. Atchule nambala ya mlandu, chaka chake ndi mayina a mbali zonse ziwiri, napemphe kope yotsimikizidwa. Nambala ya mlandu ndiyo imafulumizitsa kupeza fayilo, choncho isungidwe pabwino kuyambira tsiku loyamba.

Phindu la umboni wolembedwa

Kufunika kwa setifiketi kumaoneka kwambiri pa maliro. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa womwalirayo pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Komabe, wamasiye ayenera kusonyeza kuti analidi pabanja ndi malemuwo. Ngati achibale akana, nanena kuti chinali chibwenzi chabe, nyumba, ng'ombe, ngolo, okala ndi ndalama za ku banki zimakhala pa mkangano mpaka khoti litagamula. Ankhoswe ndi mboni zodalirika, koma nawonso amakalamba, amasamuka ndipo amamwalira. Kaundula amatsala.

Mabanja amene anamanga ukwati kale popanda chikalata chilichonse akulimbikitsidwa kukafunsa ku ofesi ya bwanamkubwa, kwa mfumu yaikulu kapena kwa mtsogoleri wa chipembedzo chawo za njira yopezera umboni, ankhoswe a mbali zonse akadalipo. Amene ali ndi nkhani ya ku khoti koma sangakwanitse kulipira loya angathe kukapempha thandizo ku Legal Aid Bureau.