Ndakatulo zinayenda bwanji kuchokera ku Khondowe kufika ku Luwinga

Mzuzu ndi mzinda wa dzulodzuloli. Unayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung m'zaka za m'ma 1940, ndipo unakwezedwa kukhala mzinda mu 1985. Koma chizolowezi chowerenga mokweza, anthu atakhala bwalo, chinafika kumpoto mzindawu usanabadwe. Ku Khondowe, kumene Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia mu 1894, makina osindikizira ankatulutsa mabuku a Chitumbuka ndi Chitonga. Kumudzi buku limodzi linkakwanira banja lonse: mwana wa sukulu akuwerenga pakhonde, agogo atatchera khutu, amalume akumudula mawu kuti abwerezenso pamene sanamve. Kalata zochokera ku Joni nazonso zinkawerengedwa chomwecho.

Chigawochi chinabala alembi, koma malo owerengera ntchito zawo anali kutali. Legson Kayira wa ku Chitipa anachoka wapansi mu 1958 kufunafuna maphunziro, ndipo buku lake lofotokoza ulendowo linatuluka kunja mu 1965. Mu 1968 boma linachotsa Chitumbuka pa wayilesi ya MBC, chaka chomwecho n'kukhazikitsa lamulo lopima mabuku ndi zisudzo. Wolemba wa kumpoto anatsala ndi njira imodzi, yolowera kummwera.

Kumeneko, ku Chancellor College, kunabadwa gulu la Writers Workshop mu 1970, koleji idakali ku Chichiri isanasamukire ku Zomba. Lupenga Mphande wa ku Thoza m'boma la Mzimba anali m'gulu la oyambitsa, pamodzi ndi Jack Mapanje ndi anzawo. Kachitidwe kake kanali kosavuta: ndakatulo imachulukitsidwa pamapepala, kugawidwa, kuwerengedwa mokweza, kenako aphunzitsi ndi ophunzira kuisenda mzere ndi mzere popanda kuyang'ana nkhope. Aliyense ankadziwa kuti m'chipindamo mungakhale khutu la boma, n'chifukwa chake alakatuli ankabisa mkwiyo wawo m'nthano za bilimankhwe ndi Napolo. Mtengo wake unali wowawa. Mlakatuli Felix Mnthali anatsekeredwa popanda mlandu m'ma 1970, ndipo Mapanje anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991.

Ndale za zipani zambiri zitabwera, Chitumbuka chinabwerera pa wayilesi mu 1994. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) mu 1997, ndipo ophunzira oyamba analowa mu 1999 ku Luwinga, m'nyumba zomwe kale zinali koleji yophunzitsira aphunzitsi. Ichi n'chofunika kuchikumbukira. Mzuni inayamba ndi maphunziro a uphunzitsi, kotero wophunzira amene walakatula pamaso pa anzake m'holo ndi yemweyo amene mawa akaimirire kutsogolo kwa ana a Fomu 3 ku Euthini kapena ku Chilumba. Pambuyo pake panabwera Mzuni Press, yomwe Prof Klaus Fiedler anaigwirira ntchito mwakhama, ndipo mzindawu unayamba kutulutsa mabuku akeake osadikira Blantyre.

Kenako tsoka la pa 18 Disembala 2015. Moto unanyeketsa laibulale ya Mzuni ndi mabuku pafupifupi 45,000. Ofuna kwabwino a kuno ndi kunja anatumiza mabuku ena, koma zolembedwa zosowa za mbiri ya Malawi sizigulidwa m'sitolo.

Lero ophunzira ndi ochuluka kwambiri kuposa a 1999, ndipo ndakatulo zikuyenda pa WhatsApp ndi Facebook mofulumira kuposa mapepala a ku Chichiri. Chondidetsa nkhawa ndi mpanda wa yunivesite. Mayi wogulitsa nthochi pamsewu wa M1, mnyamata wa kabaza wa ku Chibavi, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Zolozolo, onsewa ali ndi khutu la ndakatulo; anakulira m'nyimbo za vimbuza, malipenga ndi zamtondo. Sangalowe m'holo ya yunivesite popanda woitana. Alakatuli a Mzuni ayenera kutuluka okha, akawerenge ku nthambi ya National Library mumzinda, m'masukulu a sekondale, m'maholo a mipingo, m'Chitumbuka, Chitonga, Kyangonde ndi Chichewa, osati Chingerezi chokha. Ndipo pakhale wojambula mawu tsiku lililonse lotere, makope ake asungidwe malo awiri osiyana.