Nkhondo ya pa Mafuwa a Selo

Lero tibwerere ku chaka cha 1898. M'chaka chimenecho, ku Berlin, Carl Benda adapatsa dzina lakuti mitokondiriya tinthu tonga tiulusi topezeka m'kati mwa selo, kachipinda kosaoneka ndi maso kamene miyandamiyanda yake ndiyo imapanga thupi. Chaka chomwecho ku Delft, m'dziko la Holland, Martinus Beijerinck adaonetsa kuti nthenda ina ya masamba a fodya imadza ndi kanthu kochepetsetsa kodutsa m'sefa yotchinga mabakiteriya, ndipo adakatcha vairasi. Kwa zaka zambiri nkhani ziŵirizi zidayenda payekhapayekha.

Pang'onopang'ono kudadziŵika kuti mitokondiriya ndiwo mafuwa a selo, pakuti mpamene chakudya chimapserera ndi mpweya nkusanduka mphamvu. Mu 1961 Peter Mitchell wa ku Britain adalongosola kuti mphamvuyo imapangika pokhapokha khungu lam'kati la mitokondiriya likakhala losabooka. Mu 1996 Xiaodong Wang ndi anzake ku America adapeza kuti puloteni yotchedwa cytochrome c ikatayikira kunja kwa mitokondiriya, selo imayamba kudzipha yokha. Ndipo mu 2005 kudatulukiridwa puloteni ina, MAVS, yokhala pa khungu lakunja, imene imaomba mfuu vairasi ikaloŵa, kuti selo ichenjeze anzake.

Tsono taonani m'mene mdani amachitira. Vairasi ya nthenda ya chiŵindi yotchedwa Hepatitis C imadula MAVS ija monga munthu wong'amba ng'oma ya mlonda. Mfuu siimveka, ndipo kachirombo kamaswana mwakachetechete kwa zaka. Mitundu ina ya vairasi ya fuluwenza ili ndi puloteni yotchedwa PB1-F2, imene idadziŵika mu 2001. Iyo imafooketsa khungu lam'kati lija, moto nkuzima, maselo oteteza thupi nkufa nthaŵi yawo isanakwane.

Nafenso kuno ku Malaŵi tidalaŵako nkhondo imeneyi. Boma litayamba kugaŵa ulere mankhwala a HIV mu 2004, ena mwa mankhwalawo adali stavudine. Mankhwalaŵa adapulumutsa anthu ochuluka, koma poletsa vairasi kuswana, ankaletsanso mitokondiriya kukonzanso chibadwa chake. Nchifukwa chake ena ankamva kutentha ndi dzanzi kumapazi, ena masaya nkuloŵa. Bungwe la WHO lidalangiza mu 2009 kuti maiko awasiye, ndipo Malaŵi adayamba kusinthira ku tenofovir mu 2011.

Kotero, amvetseri, zimene Benda ndi Beijerinck adaziona aliyense kwake zidadzakumana pamodzi. Wofuna mankhwala a vairasi lero amayenera kufunsa mafunso aŵiri: kodi akupha mdani, nanga kodi akusiya moto wa pa mafuwa uli chiyakire? Tsalani bwino.