DZINA LOBISIKA NDI DZINA LOONEKA

Mau ocokera kwa Chiwalo, ku Phalombe, kwa mipingo ndi aphunzitsi a m'midzi.

Pa Mateyu 6 tilangizidwa kuti popatsa osauka tisadzilengeze pamaso pa anthu. Koma pa 2 Samueli 12 tiona mneneri Natani alikuima pamaso pa mfumu Davide, wosabisa nkhope yace, namnenera fanizo la mwini cuma amene analanda kamwana ka nkhosa ka munthu wosauka. Ziphunzitso ziwirizi sizitsutsana iai. Mbiri ya dziko lathu itionetsa kuti dzina liyenera kubisika popatsa, ndi kuoneka ponenera amphawi.

Tiyambe ndi kupatsa. Cigwa cathu cino, ca pakati pa phiri la Michesi ndi nyanja ya Chilwa, cinadzala ndi alendo. Kuyambira ca m'ma 1900 Alomwe anaoloka malire miyandamiyanda kucokera ku dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi, pothawa njala, msonkho ndi nchito ya cikakamizo. Anafika ndi mitolo pamutu, opanda nkhokwe, opanda mbeu. Ena anagwa m'thangata m'minda ya Azungu. Ena mafumu anawalozera pokhala, ndipo eni mudzi anawagawira ufa kufikira masika. Ndani angachule dzina la mai amene anayamba kutapa m'nkhokwe mwace? Palibe buku linamlemba. Koma ambiri a ife tiri zidzukulu za iwo amene anadya ufa umenewo.

Momwemonso m'March 1991, pamene napolo anatsika m'Michesi nakokolola midzi ndi milatho, napha anthu mazanamazana. Ndiponso m'March 2023, pa namondwe wochedwa Freddy. Zisanafike galimoto zonyamula thandizo, zokhala ndi maina ao olembedwa m'mbali, anansi anali atapereka kale nsaru, phala ndi pogona. Akuru anati kupatsa nkuika. Ndipo coikidwa mseri Mulungu ndiye acisunga.

Koma ponenera osauka mbiri itiphunzitsa zina. M'November 1914, nkhondo ya Ajeremani itafika ku Karonga, Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, ku Chiradzulu, analemba kalata ku nyuzipepa ya Nyasaland Times. Anadandaula kuti amphawi a dziko lino alikufera nkhondo yosakhala yao, nasiya akazi amasiye ndi ana m'umphawi, pamene eni cuma atsala kwao. Pansi pa kalatayo anaika dzina lace, ndipo Boma linaletsa kuti ifalitsidwe. Za mwazi umene unakhetsedwa m'January 1915 tizikumbuka ndi cisoni; koma m'kalata muja tipenya mbusa amene sanabisale kumbuyo kwa nkhosa zace.

Zitapita zaka zoposa 70, m'masiku a cipani cimodzi, mantha anatseka pakamwa pa anthu. Amene anali nao mau analemba makalata opanda dzina, nawapatsirana mseri. Sitiwaweruza abale amenewo, pakuti ndende ya Mikuyu inali yeniyeni, ndipo iwo anali ndi ana owalera. Komabe kalata yopanda mwini Boma linakhoza kuiyesa mphekesera cabe. Tsono pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'nyumba za mapemphero za Akatolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya mabishopu. Inanena za phompho lirikukula pakati pa olemera ndi osauka, za malipiro ocepa a anchito, za masukulu ndi zipatala zoperewera, ndi za anthu oopa kunena zimene aganiza. Pansi pace panali maina. Cifukwa ca mainawo mabishopu anaitanidwa kukafunsidwa ndi apolisi ku Blantyre, nyumba yosindikizira ya Montfort ku Balaka inatenthedwa, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anapitikitsidwa m'dziko. Cifukwa ca maina omwewo mauwo sanathe kukwiriridwa. Ndipo pa 14 June 1993 anthu anasankha zipani zambiri.

Nanga ife bwanji? Kawirikawiri titembenuza malangizo awa cadodolido. Tikapereka thumba la cimanga tifuna dzina lathu liwerengedwe pamaso pa mpingo wonse, ndipo wolandirayo acite manyazi poima pambali pathu. Koma wamasiye akalandidwa munda ndi abale a mwamuna wace, tikhala cete pabwalo, ndi kumang'ung'udza kuseri. Enanso alemba kalata yopanda dzina yoneneza mphunzitsi kapena mkuru wa mpingo, kuti wonenezedwayo asowe womfunsa. Kalata yotere siiteteza mphawi. Ndiyo miseche yolembedwa papepala.

Inu aphunzitsi, phunzitsani ana za mai wamasiye wa pa Marko 12, amene anaponya tindalama tace tiwiri, ndi za kamnyamata ka pa Yohane 6, mwini mikate isanu. Onse awiri maina ao sitiwadziwa, koma nchito zao ziwerengedwa kufikira lero. Muwaphunzitsenso za Natani. Ndipo inu a mpingo, nyengo ya njala ikafika, nyamulani ufa madzulo mukausiye pakhomo pa nkhalamba, osauza munthu; koma mlandu wa nkhalambayo ukafika kwa mfumu, imani usana, muchule dzina lanu, ndi kunena coonadi. Ambuye atipatse mphamvu ya kucita zonse ziwiri. Amen.