Lamulo la Magetsi la 1956 ndi Damu la Kariba

Pa zaka zoyamba za m'ma 1950, migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia inali kusauka ndi kusowa kwa mphamvu. Njanji inalephera kubweretsa malasha okwanira kucokera ku Wankie, kotero kuti migodi inayamba kusonkha nkhuni, ndipo nkhalango zambiri zinagwa ndi nkhwangwa.

Akuluakulu anagawikana maganizo: ena anafuna kutseka mtsinje wa Kafue, ena wa Zambezi. M'mwezi wa March 1955 Boma la Citaganya linasankha Kariba, ngakhale a kumpoto ananyinyirika kwambiri. M'caka ca 1956 Nyumba ya Malamulo ku Salisbury inapanga Lamulo la Magetsi, limene linakhazikitsa bungwe la Federal Power Board. Nzeru ya lamulolo inali iyi: kuti bungwe limodzi liwerengeretu magetsi ofunika zaka za m'tsogolo, likongole ndalama, limange makina pang'ono pang'ono, ndi kulumikiza Kitwe, Lusaka, Salisbury ndi Bulawayo pa mawaya amodzi. World Bank inakongoza madola 80 miliyoni.

Nchitoyo inali yowawa. Zigumula za 1957 ndi 1958 zinaononga zomangidwa, ndipo anchito 86 anataya miyoyo. Atonga ngati 57,000 anasamutsidwa, nasiya minda ya m'mbali mwa mtsinje ndi manda a makolo ao. Khoma la mapazi 420 litatha, Amai a Mfumukazi Elizabeth II anatsegula Kariba pa 17 May 1960. Koma mawayawo sanafike ku Nyasaland. Kumeneko anadikira kufikira 1966, pamene makina a pa Nkula, pa mtsinje wa Shire, anayamba nchito dziko litachedwa kale Malawi.

Citaganya cinatha mu 1963, koma khoma silinatheke kugawidwa pakati. Maiko awiriwo analipereka m'manja mwa Central African Power Corporation, ndipo mu 1987 Zambia ndi Zimbabwe anapanga malamulo ofanana okhazikitsa Zambezi River Authority, yogawira dziko lirilonse madzi ace.

Cimene lamulo silikanatha kulamula ndico mvula. Pa cilala ca 2024 nyanja ya Kariba inaphwa kwambiri, ndipo mizinda ya maiko onse awiri inakhala mu mdima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Anthu a 1956 anawerengera bwino kukula kwa migodi, koma anatsamiritsa maiko awiri pa mtsinje umodzi.