Kutumiza zithunzi za X-ray ya mano pa intaneti

Iyi ndi njira imene dokotala wa mano amapemphera nzeru kwa katswiri amene ali kutali, wodwala osayenda ulendo. Chithunzi chimajambulidwa komwe wodwalayo ali, katswiri n'kuchiona pa kompyuta n'kulangiza ngati dzino lizulidwe, limatidwe, kapena munthuyo atumizidwe kuchipatala chachikulu. Kawirikawiri chimatumizidwa kuti katswiri achione akapeza mpata, koma nthawi zina awiriwo amachiyang'anira limodzi pa vidiyo.

Wilhelm Röntgen atatulukira X-ray mu 1895, sipanapite nthawi Otto Walkhoff wa ku Braunschweig ku Germany anajambula mano ake omwe, ndipo anakhala phee kwa mphindi 25. Kwa zaka zambiri chithunzi chinali filimu yotsukidwa ndi mankhwala, yoyenda pamanja kapena pa positi. Mu 1987 kachipangizo ka Francis Mouyen wa ku France kanayamba kuonetsa dzino pa kompyuta mwachindunji, ndipo mu 1994 gulu lankhondo la America linayambitsa ntchito ya Total Dental Access yothandiza asilikali okhala kutali ndi akatswiri.

Chachikulu n'chakuti chithunzi chifike chili bwinobwino. Dzino likayamba kuwola pokumana ndi linzake, pamangooneka kamthunzi kochepa kwambiri. Matenda a kunsonga ya muzu amaoneka ngati kabwalo koderako m'fupa. Zoterezi sizichedwa kufufutika. N'chifukwa chake zipatala zimagwiritsa ntchito DICOM, mtundu wa fayilo umene umasunga chithunzi chonse pamodzi ndi dzina la wodwala komanso tsiku. WhatsApp imachepetsa chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse, pokhapokha chipite ngati dokumenti. Kujambula filimu ndi foni pawindo n'koopsa kwambiri, chifukwa filimu ikatembenuzika dzino lakumanja limaoneka ngati lakumanzere.

Chithunzi pachokha sichinena zonse. Wotumiza ayenera kulemba pamene pakuwawa, ululu unayamba liti, ngati tsaya latupa, ndiponso ngati wodwala ali ndi shuga kapena amamwa mankhwala ena. Chilolezo cha mwini wake n'chofunikanso, pakuti za m'kamwa mwa munthu n'zachinsinsi monga matenda ena onse.

Ku Malawi, kumene maphunziro a udokotala wa mano anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine mothandizana ndi University of Glasgow, madokotalawa ndi ochepa ndipo ambiri ali m'mizinda. Wodwala wa kuboma lakutali ndiye angapindule kwambiri, bola chipatala chake chikhale ndi makina ojambulira, magetsi ndi netiweki.