Mfuti ndi Bokosi la Mavoti

Ife a kwa Kanduku kuno ku Mwanza mfuti sitinaidziŵire m'mabuku ayi. M'zaka za nkhondo yapachiŵeniŵeni ya Frelimo ndi Renamo, kulira kwake kunkatipeza usiku kuchokera cha ku Zobue, ndipo kukacha tinkaona amayi akuoloka malire, mtolo pamutu, mwana kumsana. Magalimoto a katundu odzera ku Tete ankayenda mondondozana, asilikali a ku Zimbabwe akuwaperekeza. Pofika chaka cha 1992 othaŵa nkhondo m'Malaŵi muno anali atapitirira miliyoni imodzi.

Komatu mfuti imene inkatiopsa pa nkhani yosankha atsogoleri sinali ya tsidya lija. Inali yakwathu konkuno, ndipo mwini wake chinali chipani.

Gulu la Malaŵi Young Pioneers linayamba mu 1963. Cholinga chimene chinkalengezedwa chinali chabwino: kuphunzitsa anyamata ndi asungwana ulimi wamakono, ntchito zamanja ndi mwambo. Sitikana kuti ambiri anapinduladi nazo. Alipo akuluakulu pakati pathu amene anaphunzira kumanga nyumba ndi kulima m'mizere kumeneko. Koma pang'onopang'ono gululi linapatsidwa zida zankhondo, ndipo linkamvera Dr. Kamuzu Banda yekha, osati mkulu wa asilikali kapena wa polisi. Mpayoniya akalakwa, wapolisi ankayamba wadzifunsa kaŵiri asanamugwire. Nanga mlimi wamba wopita kukagulitsa manachesi ake kumsika, atafunsidwa khadi la chipani, akanayankha chiyani? Zisankho zinkachitika ndithu m'zaka zimenezo, koma onse opikisana anali a chipani chimodzi, ndipo maina awo ankavomerezedwa kumwamba.

Pano tiyenera kukumbukira za ku Thambani, m'boma lathu lomwe lino. Mu Meyi 1983, kutangotsala milungu yoŵerengeka kuti chisankho cha aphungu chichitike, nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa a David Chiwanga, anapezeka atafa m'mbali mwa msewu. Boma linati inali ngozi ya galimoto. Bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa mu 1994 linapeza kuti anachita kuphedwa ndi apolisi, powamenya m'mutu. Palibe chipolopolo chinaombedwa usiku umenewo. Mfuti inangoimirira pambali kuti pasapezeke wofunsa funso, ndipo kwa zaka zambiri sitinafunsedi mokweza mawu.

Chete ameneyu anasweka pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi athu inaŵerengedwa m'matchalitchi onse. Pasanapite masiku ambiri nyumba yosindikizira mabuku ya Amontfort ku Balaka, kumene kalatayo inadindidwa, inatenthedwa. Pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi 63 mwa 100 alionse anavotera zipani zambiri. Koma funso linatsala: kodi chisankho chachikulu chidzayenda bwanji pamene chipani chimodzi mwa zipani zopikisanazo chili ndi gulu lakelake lankhondo? Otsutsa boma anaumirira kuti apayoniya alandidwe zida. Panali malonjezo, koma zochitika zinkachedwa.

Nkhaniyi siinathere pa msonkhano. Kumayambiriro kwa Disembala 1993 apayoniya anaombera ndi kupha asilikali aŵiri ku Mzuzu. Pa 3 Disembala asilikali anatuluka m'misasa yawo, nathira nkhondo malikulu a apayoniya ku Lilongwe ndi misasa yawo m'madera ena. Ntchitoyi anaitcha Bwezani. Anthu anafa, zida zambiri zinalandidwa, ndipo apayoniya ena anathaŵira ku Mozambique, dziko lomwe lija limene eni ake anali atangoyamba kubwerera kwawo pambuyo pa pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992. Chimene timachiyamikira, mwina mosakwanira, n'chakuti asilikaliwo atamaliza anabwerera kumisasa osalanda boma. Pa 17 Meyi 1994 tinaima pamzere, ndipo a Bakili Muluzi anapambana.

M'chaka chomwecho cha 1994, kutali ku America, mfuti inaloŵanso m'chisankho, koma inadzera khomo lina. Kumeneko malamulo aakulu a dziko, kuyambira 1791, amatchula ufulu wa anthu wosunga zida. Kuli bungwe la eni mfuti lotchedwa National Rifle Association, limene linayamba mu 1871 ndi ntchito yophunzitsa anthu kulasa molunjika. Pa msonkhano wake wa ku Cincinnati mu 1977, gulu la anthu ouma mtima pa nkhani ya ufuluwu linalanda utsogoleri, ndipo kuyambira pamenepo bungweli linasanduka chida chandale. Njira yake njosavuta kuimvetsa. Limachonga aphungu ngati ana a sukulu, kuyambira A mpaka F, poona mmene avotera pa malamulo a mfuti, kenaka n'kuuza mamembala ake woyenera kumsankha ndi woyenera kumgwetsa.

Mu Sepitembala 1994 Pulezidenti Bill Clinton anasaina lamulo loletsa kupanga ndi kugulitsa mitundu ina ya mfuti zonga zankhondo. Patangopita miyezi iŵiri, chipani chake cha Democratic chinataya mipando 54 m'nyumba ya malamulo, ndipo ngakhale sipikala weniweni, a Tom Foley, anagwa kudera kwawo. Zifukwa zinalipo zambiri, koma a Clinton eniake anati bungwe la mfutilo linawapweteka kwambiri. Aphungu otsala anatengapo phunziro. Lamulo lija linali la zaka khumi, ndipo litatha mphamvu mu 2004 silinakonzedwenso. Mu 2016 bungweli linaononga ndalama zoposa madola 30 miliyoni pothandiza a Donald Trump.

Tingalakwe titati ziŵirizi n'zofanana. Mamembala a bungwe la ku America saima ndi mfuti pakhomo la malo ovotera. Mphamvu zawo zili m'ndalama ndiponso m'khama, pakuti munthu amene amavota poganizira nkhani imodzi yokha sajomba tsiku la chisankho, pamene anzake ochuluka, ofuna malamulo okhwima, ali ndi nkhaŵa zina khumi zowagaŵa maganizo. Komabe ife amene tinakulira m'mantha tikuzindikira kafungo kena kodziŵika. Phungu wa ku America amene akuona ana akuphedwa m'sukulu, monga ana 20 aja a ku Newtown mu 2012, koma n'kukhala duu poopa kutaya mpando, sakusiyana kwenikweni ndi phungu wathu wa 1983 amene anamva za ku Thambani naŵeramitsa mutu. Wathuyo ankaopa imfa, ndipo tingathe kumkhululukira msanga. Pambuyo pa Newtown, lamulo lofuna kuti ogula mfuti azifufuzidwa mokwanira linapeza mavoti 54 m'nyumba ya Senate mu Epulo 2013, pamene linkafunika 60, ndipo linathera pomwepo.