Katemera wokakamiza ku Kasungu: kuchokera pa nthomba kufika pa Covid-19

Munthu wolowa m'nkhalango yosungirako nyama ya Kasungu, kumadzulo kwa boma, akhoza kuganiza kuti tchire limeneli lakhala la njovu ndi njati chilengedwere dziko. Ayi ndithu. Munali midzi, minda, manda ndi ng'anjo zosungunulira chitsulo, ndipo ng'anjo zina zikadalimo mpaka lero. Eni ake anasamutsidwa ndi boma la atsamunda chifukwa cha kaodzera, nthenda yofalitsidwa ndi kashembe. Mu 1922 malowo anasanduka nkhalango yotetezedwa, mu 1930 malo osungirako nyama, ndipo mu 1970 anakhala paki.

Dr George Prentice, mmishonale wa Livingstonia amene anakhazikika ku Kasungu mu 1900, ankaona zinthu mosiyana ndi boma. Iye ankanena poyera kuti malamulo oteteza nyama zakutchire ndiwo akuchulukitsa kashembe. Mawu ake sanasinthe kanthu: nyama zinatsala, anthu ndiwo anasamuka. Tisaiwale kuti panali patangopita zaka zosakwana 30 chigonjetsedwere Mwase Kasungu ndi asilikali a Angerezi kumapeto kwa 1895. Kwa anthu a kwa Mwase, nkhani ya zaumoyo yochokera ku boma inafika ndi mesenjala yemwe uja wodzatolera msonkho.

Nthomba ndiyo inakulitsa chikayiko chimenechi. Makolo ankaidziwa bwino nthendayi ndipo anali ndi njira yawo yoipewera: ankatenga timafinya ta munthu amene nthomba yamugwira pang'ono, n'kupaka pa mphini ya munthu wabwinobwino. Ambiri ankadwala pang'ono n'kuchira, osadzadwalanso. Koma njirayi inali ndi ngozi yake, pakuti wotemeredwayo ankatha kupatsira anzake nthomba yeniyeni. Atsamunda anailetsa, ndipo mu 1908 anaika lamulo lokakamiza katemera wawo.

Katemera wa boma anali wabwino kuposa wa makolo, pa ichi palibe chokayikitsa. Vuto linali kafikidwe kake. Mankhwala oyenda mtunda wautali padzuwa ankafika kumidzi atasukuluka, moti ena otemeredwa ankadwalabe, ena n'kutsala ndi zilonda pamkono. Otemera ankabwera ndi mphamvu za apolisi. Mudzi wogwa nthomba unkatsekedwa, nyumba za odwala zinkatha kutenthedwa, ndipo nyakwawa yobisa odwala inkalangidwa. Nanga mayi wodziwa kuti akaulula za mwana wake nyumba ipsa akanatani? Ankabisa mwanayo. Katswiri wa mbiri Megan Vaughan, amene anafufuza za chipatala cha atsamunda ku Nyasaland, anasonyeza kuti kubisa odwala ndi kuthawa otemera kunali kofala. Akuluakulu a boma ankati ndi umbuli, pamene anthu ankangoteteza zimene akanataya.

Chaka chofunika kuchikumbukira kwambiri ndi 1960. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitakhazikitsidwa mu 1953, nthambi ya zaumoyo inachoka m'manja mwa boma la ku Zomba n'kupita m'manja mwa boma la Chitaganya ku Salisbury. Zipatala za boma, madokotala ake, ngakhale otemera oyenda pa njinga m'midzi, onse anakhala antchito a boma limene Amalawi ankalikana ndi mtima wonse. Mafumu ambiri, kuphatikizapo Mwase wa ku Kasungu, anali atalikana Chitaganyacho chisanabadwe n'komwe. Mu Malichi 1959 kunagwa lamulo la zadzidzidzi, anthu anaomberedwa ku Nkhata Bay ndi m'madera ena, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda anatsekeredwa ku Gwelo mpaka pa 1 Epulo 1960.

Chaka chomwecho nthomba inabuka m'chigawo chapakati. Otemera atafika m'midzi anapeza zitseko zotseka. Kunali mphekesera zoti katemerayo ndi chiwembu cha Welensky, mtsogoleri wa Chitaganya, chofuna kuti anthu akuda asamabereke. Boma la Chitaganya linaloza chala chipani cha Malawi Congress kuti ndicho chikukolezera moto, ndipo linadzudzula Dr Banda kuti, pokhala dokotala, sakulankhula mwamphamvu kuti anthu abayitse. Pano pali chinthu chowawa kuchinena koma choyenera kunenedwa. Mwana wa ku Kasungu ameneyu, wophunzira udokotala ku Meharry ku America ndi ku Edinburgh, ankadziwa kuposa wina aliyense m'dziko muno kuti katemera wa nthomba amapulumutsa. Kukana Chitaganya kunali kolondola, koma nthomba sinkafunsa khadi la chipani, ndipo amene analipira ndi ana.

Choyenera kuchionetsetsa n'chakuti nthawi imeneyo munthu wamba analibe bwalo lokatsutsirako lamulo la boma. Panalibe malamulo oyendetsera dziko omupatsa ufulu wokaima pamaso pa woweruza n'kufunsa kuti wapatsa boma mphamvu zimenezi ndani. Chimene chinatsala m'manja mwake ndi kutseka chitseko kapena kuthawira kuthengo.

Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963. Katemera yemwe uja, atabwera m'dzina la boma la Amalawi, anthu anamuimira pamzere, ngakhale n'zoona kuti m'nthawi ya chipani chimodzi kukana chinthu cha boma kunali kuika moyo pachiswe. Nthomba inatheratu m'Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1980 bungwe la WHO linalengeza kuti yatha padziko lonse. Chipsera chake chikadali pamikono ya agogo ambiri a ku Mtunthama, Chamama ndi Santhe.

Malamulo oyendetsera dziko a 1994 ndiwo anatsegula khomo la khoti, ndipo mphamvu yake inaonekera pa Covid-19. Odwala oyamba anapezeka pa 2 Epulo 2020. Boma la Peter Mutharika linalamula kuti anthu abindikire m'nyumba masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, potsamira lamulo la zaumoyo la 1948, lolembedwa ndi atsamunda omwe aja. Pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso, bungwe lomenyera maufulu a anthu la HRDC ndi ena atadandaula. Mu Sepitembala chaka chomwecho khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti malamulo a m'bindikirowo anali osemphana ndi malamulo aakulu a dziko, chifukwa ankachotsa maufulu a anthu popanda kutsata ndondomeko yoyenera, komanso sanaganizire za osauka odalira ganyu ndi geni.

Nthendayo siinali yopeka. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri, Lingson Belekanyama ndi Sidik Mia, zinamwalira tsiku limodzi. Katemera woyamba wa AstraZeneca, wokwana 360,000, anafika pa 5 Malichi, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera anabayitsa poyera ku Zomba pa 11 Malichi. Komabe anthu ankazengereza, ndipo mphekesera ya kusabereka ija inadzukanso, ulendo uno ikuyenda pa WhatsApp. Nkhani ya K6.2 biliyoni ya ndalama za Covid-19 zosayenda bwino inaonjezera chikayiko. Mu Epulo Chakwera anachotsa nduna ya zantchito Ken Kandodo, phungu wa pakati m'boma la Kasungu, dzina lake litatchulidwa mu lipoti la kafukufuku wa ndalamazo. Mu Meyi nduna ya zaumoyo Khumbize Kandodo Chiponda, phungu wa kummwera chakummawa kwa Kasungu, inatentha poyera katemera 19,610 wotha nthawi pa chipatala cha Kamuzu Central, kuti anthu aone ndi maso kuti sadzabayidwa wowonongeka. Chimenechi chinali chanzeru, pakuti chinayankha mantha a anthu m'malo mowanyoza.

Mu Disembala 2021, mtundu wa Omicron utafika, nduna yomweyo inalengeza kuti kuyambira pa 20 Disembala antchito a zaumoyo, achitetezo ndi atolankhani ayenera kubayitsa. Bungwe la boma loona za maufulu a anthu, MHRC, linatsutsa kukakamizako, ndipo bungwe la CDEDI, lotsogozedwa ndi Sylvester Namiwa, linatengera nkhaniyo ku khoti lalikulu. Motero Chiponda, mdzukulu wa m'banja la Kamuzu, anapezeka ali kumbali ya wolamula katemera, pamene okana, m'malo mothawira kuthengo ngati mu 1960, anapita kwa maloya.

M'masabata omwewo ku America kunali mlandu wofanana. Boma la Joe Biden, kudzera m'nthambi yoona za chitetezo cha antchito ya OSHA, linalamula kuti makampani a antchito 100 kapena kuposerapo aonetsetse kuti antchito awo abayitsa kapena akuyezetsa sabata iliyonse, lamulo lokhudza anthu pafupifupi 84 miliyoni. Maboma a zigawo oposa 20, pamodzi ndi mabungwe a eni mabizinesi, anasumira boma lalikulu la ku Washington. Pa 13 Januwale 2022 khoti lalikulu kwambiri linaimitsa lamulolo, oweruza 6 kwa 3, ponena kuti nyumba ya malamulo siinapatse nthambiyo mphamvu zotere. Tsiku lomwelo khotilo linalola, 5 kwa 4, lamulo lokakamiza antchito a m'zipatala zolandira ndalama za boma. Oweruzawo sankakangana zoti katemera amagwira ntchito kapena ayi. Ankakangana za mwini mphamvu yolamula ndi malire ake, funso lomwe lija limene anthu a m'chigawo chapakati analibe kolifunsira m'nthawi ya Chitaganya.

Koma pali kusiyana kumodzi kumene Kasungu imakuonetsa bwino. Lamulo la katemera wa pantchito limagwira munthu wolembedwa m'kaundula, wolandira malipiro pamwezi. Antchito ochuluka a m'boma lino sali otero. Kuchokera pamene fodya wochizira m'mabalani anayamba kulimidwa kuno m'zaka za m'ma 1950, n'kudzakula ndi maesiteti a General Farming ndi Press Farming m'zaka za m'ma 1970, chuma cha Kasungu chakhala pamsana pa matenanti, ambiri ochokera kummwera, okhala m'zisakasa pafupi ndi zigafa, olandira phoso pangongole ndi kudikira kuti mabelo agulitsidwe ku okushoni ya Chinkhoma. Nyumba ya malamulo inathetsa utenanti pa lamulo la zantchito mu 2021, koma anthuwo akadali m'mindamo, kutali ndi chipatala. Kwa iwo funso silinali lokakamizidwa kapena kusakakamizidwa. Linali loti katemerayo afika liti pa esiteti, ndipo kapitawo alola kodi kuti munthu asiye kusoka fodya tsiku lathunthu kukabayitsa.

Mliri wina udzabwera, monga chikuku chinabwerera mu 2010 ndi kolera mu 2022. Aphungu a ku Kasungu akonzeretu kuti lamulo lililonse lokakamiza katemera lizikambidwa m'nyumba ya malamulo, osati kungolengezedwa pa msonkhano wa atolankhani, ndipo aumirire kuti alangizi a zaumoyo apatsidwe njinga, mabokosi ozizira ndi ufulu wolowa pa esiteti iliyonse m'bomali.